Dzira limodzi pamchenga: ntchito yoyang'ana mbalame za m'nyanja yamchere zikamaswa

Kwathu ku Chamama, thadzi likayamba kuikira, amayi amaliwerengera mazira ngati ndalama za fodya. Akakwana 12 amalisiya lifungatire. Khoswe akaba awiri, mphamba n'kudzatola anapiye atatu, amadandaula tsiku limodzi basi, chifukwa pakangopita miyezi yochepa thadzi lomwelo layambanso kutetera kuseri kwa nkhokwe. Nkhuku imadalira kuchuluka. Nkhanga nayo chimodzimodzi, ndipo ife a kumtunda kuno tinakula tikuganiza kuti mbalame zonse zimabereka choncho.

Pali mbalame zina zimene zinasankha njira yosiyana kotheratu. Ku zilumba za Seychelles, pakati pa nyanja yamchere ya India, kuli ina imene eni dziko amaitcha golet, pomwe Angerezi amati sooty tern. Ndi yakuda kumsana, yoyera kumimba, thupi lake silisiyana kwambiri ndi la nkhunda koma mapiko ndi aatali, mchira wogawika ngati wa namzeze. Imeneyi imaikira dzira limodzi lokha, pamchenga, popanda ndi kaudzu komwe koyalapo. Dziralo likapulumuka, chaka chimenecho chatha bwino. Ndipo siifulumira: imayamba kuswa itakwanitsa zaka pafupifupi zisanu, n'kukhala ndi moyo mpaka kupitirira zaka 30. Chilichonse chimene akatswiri amachita akapita kuzilumba zimenezi, kuyambira kapakidwe ka chikwama mpaka kapondedwe ka phazi, chimachokera pa dzira limodzi limeneli.

Nthawi yake ndi yosavuta kuikumbukira. Mwera ukayamba kukuntha kunyanja kwathu, mabelo a fodya ali pa mzere ku Chinkhoma, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imakhala ikuombanso ku Seychelles. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Okutobala, golet zimasonkhana pa kachilumba kotchedwa Bird Island, makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa chilumba chachikulu cha Mahé. Kachilumbako kukula kwake ndi ngati esiteti imodzi ya kuno ku Kasungu, koma mabanja a golet amene akhala akuswerapo anawerengedwapo kuti anali pafupifupi 700,000.

Munthu angafunse kuti n'chifukwa chiyani akatswiri amavutika ndi ulendo wonsewo m'malo moziwerengera panyanja pomwe zimakhala. Yankho ndi loti panyanja palibe pozipezera. Mwana wa golet akangouluka kuchoka pachilumba amatha zaka ali m'mwamba osaponda nthaka. Chodabwitsa n'choti ngakhale pamadzi satera kawirikawiri, chifukwa nthenga zake zimanyowa msanga; amangowakha tinsomba pamwamba pa mafunde akuuluka. Madzi amchere samuvuta, pakuti mbalame za m'nyanja zili ndi tiziwalo pamwamba pa maso timene timasefa mchere m'magazi n'kuutulutsira m'mphuno. Chakudya chili komweko, madzi ali komweko. Chinthu chimodzi chokha chimene nyanja singaipatse mbalameyi ndi pouma poikira dzira. Ndiye miyezi yochepa yoswera ija ndi mpata wokhawo umene munthu ali nawo woti aione pafupi, aigwire, aiyeze.

Kufika kwake n'kovuta mwadala. Pa Aride, chilumba china chotetezedwa cha ku Seychelles komweko, palibe doko. Boti lochokera kwina limaima patali, alendo n'kusamukira m'kaboti ka pachilumbapo, kamene kamathamanga ndi funde mpaka kukagwera pamchenga. Sikuti analephera kumanga doko ayi. Akuopa khoswe. Boti lililonse lachilendo likhoza kubisa khoswe pansi pa matabwa, ndipo mmodzi wa bere ndi wokwanira kuwononga zonse. Pazilumba zambiri zotere katundu amamasulidwa m'chipinda chotseka, nsapato zimatsukidwa kuti zisabwere ndi njere za udzu, zikwama zimakutumulidwa poopa nyerere. Aliyense amene anaonapo mmene anankafumbwe amalowera m'nkhokwe kudzera m'thumba limodzi lobwereka kwa neba sangaone ngati n'zokokomeza.

Mukatsika, choyamba kukulandirani ndi phokoso. Golet sizikhala chete usana ndi usiku, moti amalinyero a Chingerezi anazipatsa dzina loti wideawake, potsanzira kaliridwe kake komanso chifukwa sizigonetsa munthu. Kenako fungo: tangoganizani khola la nkhuku losasesa mwezi wathunthu, muthiremo usipa wovunda, dzuwa n'kuwombapo. Chipewa ndi chofunika pa zifukwa zitatu, dzuwa, zitosi zogwa kumwamba, ndi milomo ya makolo okwiya amene amajompha pamutu. Kumiyendo nako kuli nkhupakupa za mbalame zimene sizisankha magazi.

Maso akazolowera, mumayamba kuona kuti chisokonezo chija chili ndi dongosolo. Mtundu uliwonse uli ndi malo ake. Pabwalo loyera pali golet, iliyonse itatalikirana ndi inzake pongokwanira kuti milomo isafikane. M'mitengo muli mbalame zodera zotchedwa noddy, zimene zimamata masamba ndi zitosi zawo kupanga tizisa. M'mizu ya mitengo ndi m'mapanga a miyala mumabisala tropicbird, zoyera, za nthenga ziwiri zazitali kumchira. Pansi pa nthaka palinso dziko lina: mbalame yotchedwa fouke imakumba una ngati mbewa, imabwera kutada n'kuchoka kusanache, ndipo kulira kwake usiku kumamveka ngati munthu akubuula, moti mlendo wa tsiku loyamba akhoza kuyesa kuti kwagwa zovuta. Koma imene imandisangalatsa ine ndi white tern, kambalame koyera mbee ka maso akuda bii. Kameneka sikamanga chisa n'komwe. Kamangopeza kampako kakang'ono panthambi, n'kuikapo dzira lake limodzi, poyerayera. Mwana amaswedwa ali ndi zikhadabo zolimba zogwirira nthambiyo. Mphepo ikagwetsa dzira, pansi pali abuluzi ndi nkhanu zodikira.

Tsono kuwerenga. Apa ndi pamene pali luso lenileni, ndipo ambiri amaganiza molakwa kuti munthu amakhala pansi n'kumaloza imodziimodzi. Mbalame zouluka siziwerengeka, komanso nambala yake singakuuzeni kanthu, chifukwa pa nthawi ina iliyonse theka la makolo lili kunyanja, ndipo pakati pa zimene zilipo pali zambiri zosakwatira zongobwera kudzaonerera. Chimene chimawerengedwa ndi mazira. Popeza banja lililonse lili ndi dzira limodzi, dzira limodzi ndiye kuti banja limodzi. Masamu amaphweka pomwepo.

Njira yake ikufanana ndi mmene mlangizi wa zaulimi amayerekezera zokolola. Salowa m'munda wonse kuwerenga zitsononkho. Amayeza timagawo tingapo, n'kuchulukitsa ndi kukula kwa munda. Kuchilumba nako amazungulira malire a malo onse oswera ali ndi GPS kuti adziwe kukula kwake. Akatero amasankha timalo tambiri mwamaere, pena amakhoma chikhomo n'kuzunguliza chingwe cha muyeso wodziwika, n'kuwerenga dzira lililonse lopezeka mkati. Tiyerekeze kuti apeza mazira atatu pa sikweya mita iliyonse, ndipo bwalo lonse ndi mahekitala 10. Hekitala imodzi ili ndi masikweya mita 10,000, ndiye kuti mabanja ndi 300,000. Mawu ofunika apa ndi oti mwamaere. Munthu akasiyidwa kuti asankhe yekha, miyendo imamutengera poyenda bwino, kapena maso amamukokera pamene padzaza kwambiri, ndipo yankho limapotoka. Tsiku lowerengera nalo ndi nkhani. Mukafulumira, ena sanaikire; mukachedwa, mazira ena aswedwa kale, anapiye akuthamangathamanga, ena adyedwa. Ndi chifukwa chake nambala ya chaka chimodzi akatswiri saikhulupirira kwambiri. Chimene amafuna ndi mzere wa zaka 10, 20, 30, wowerengedwa m'njira imodzimodzi pa nyengo imodzimodzi.

Za m'mauna zija ndiye zimavuta koposa. Una si umboni woti muli mbalame, monga amadziwira aliyense amene anakumbapo mbewa n'kupeza mwatuluka kale. Ena amalowetsa kakamera ka pa chingwe chopindika. Ena amaliza mawu a mbalameyo ojambulidwa pakhomo pa una n'kumvetsera ngati mkati muyankhidwe. Ena amangogona chafufumimba n'kupisa mkono mpaka m'phewa, podziwa kuti yankho likhoza kubwera ngati kulumidwa. Nthaka ya pamalo otere ndi yofumbutuka, phazi limodzi lolakwika limagumula denga la una n'kukwirira mwana.

Izi zikutifikitsa pa chinthu chimene ndimaona kuti sichinenedwa mokwanira: woyang'anayo naye ndi chilombo. Akalowa pakati pa golet, zikwi zimadzuka. Dzira losiyidwa pamchenga wotentha wa masana silichedwa kupsa, pakuti kumalo otentha ntchito yaikulu ya kholo si kufunditsa kokha komanso kuphimba dzira ku dzuwa. Anapiye obalalika akalowa m'dera la banja lina amajomphedwa mpaka kufa. Choncho ntchito imagwiridwa m'mamawa kapena chakumadzulo, mofulumira, podutsa njira imodzimodzi tsiku lililonse kuti mbalame zizolowere. Wofufuza wabwino amadziwa kuti akakhalitsa pamalo amodzi, imfa zimene alembe m'kope mwake zina wazichititsa ndi iye mwini.

Chida chakale kwambiri, chimene mpaka lero sichinalowedwe m'malo, ndi kamphete kachitsulo ka nambala kovekedwa kumwendo. N'kotchipa, koma kamafuna kudekha kwa zaka. Mphetezi ndi zimene zinasonyeza kuti mbalamezi zimabwerera kudzaswa pachilumba chomwecho, nthawi zambiri pafupi ndi malo a chaka chatha. Ndi zomwenso zinaulula kutalika kwa moyo wawo. Pa chilumba cha Midway, ku nyanja ya Pacific, katswiri wina dzina lake Chandler Robbins anaveka mphete mbalame ya mtundu wa albatross mu 1956. Mbalameyo, imene inadzapatsidwa dzina loti Wisdom, inaikiranso dzira kumapeto kwa 2024, ili ndi zaka zosachepera 74. Robbins anamwalira mu 2017, kusiya mbalame yake ikuswabe.

Masiku ano kwabwera tizipangizo topepuka ngati kandalama kachitsulo, tomangirira kumwendo kapena kumsana. Tina timangolemba nthawi imene dzuwa latuluka ndi kulowa tsiku lililonse. Kuchokera pamenepo kompyuta imawerengera dera la dziko limene mbalame inali. Vuto ndi loti kuti mupeze zolembedwazo muyenera kuigwiranso mbalame yomweyo chaka chamawa, pakati pa zinzake mazana a zikwi zofanana nayo. Tina timatumiza uthenga kudzera pa setilaiti. Pa chilumba cha Europa, chimene chili pakati pa Mozambique ndi Madagascar, gulu la Henri Weimerskirch linamangirira zida zotere pa frigatebird, chimbalame chakuda cha mapiko opitirira mamita awiri chimene chimakondanso kulanda nsomba za zinzake m'mwamba. Zotsatira zake zinatuluka mu 2016: zina zinatha miyezi iwiri osatera paliponse, zikukwera ndi mpweya wa mkati mwa mitambo mpaka mamita 4,000 kenako n'kumatsetsereka ulendo wautali osakupiza mapiko. Chaka chomwecho Niels Rattenborg ndi anzake, atayeza ubongo wa mbalame za mtundu womwewo ku zilumba za Galápagos, anapeza kuti zikakhala paulendo zimagona mphindi pafupifupi 42 zokha patsiku, nthawi zina mbali imodzi ya ubongo ili maso.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yonyansa kuposa pamenepa. Mwanapiye amaikidwa m'kathumba ka nsalu, n'kukolekedwa pa kasikelo kolendewera ngati kogulitsira nyama koma kakang'ono, phiko n'kuyezedwa ndi rula. Akachita mantha amasanza, ndipo masanziwo satayidwa: amatoleredwa m'botolo, chifukwa ndi amene amanena chimene makolo akupeza kunyanja. Golet siidumphira m'madzi akuya, choncho imadalira nsomba zikuluzikulu za tuna kuti zithamangitse tinsomba kufika nato pamwamba, monga mmene ncheni imachitira ndi usipa kunyanja kwathu. Asodzi a m'nyanja yamchere akhala akutsata magulu a mbalame kuti apeze tuna kuyambira kalekale. Tuna ikachepa, kapena madzi akatentha nsomba n'kuthawira pansi, makolo amauluka mitunda italiitali n'kubwerako ndi zochepa, ndipo sikelo ya pachilumba imaonetsa zimenezo pasanathe milungu iwiri. Mu 1982 ndi 1983, El Niño yoopsa itatenthetsa nyanja ya Pacific, Ralph ndi Elizabeth Schreiber anafika pa chilumba cha Kiritimati n'kupeza mbalame mamiliyoni zathawa, anapiye atafera m'zisa. El Niño ndi dzina limene alimi a kuno tinalidziwira pa chimanga chofota mu 2016 ndi 2024. Ndi chinthu chomwecho, chikungoluma mbali ina.

Chodabwitsa ndi choti makolo aja sanalakwitse pothawa. Mbalame imene ili ndi zaka 20 kutsogolo kwake siiyenera kufera dzira la chaka chimodzi. Thadzi la nkhuku limalimbana ndi mphamba chifukwa moyo wake ndi waufupi. Golet imasiya mwana n'kukapulumutsa thupi lake kuti idzayesenso. Pa chifukwa chomwechi, mtundu wotere umapirira chaka choipa, ndipo unapirira ngakhale kutoleredwa mazira, pakuti ku Seychelles mazira a golet akhala ali ndiwo yokondedwa kwa mibadwo, ndipo mbalame yolandidwa dzira koyambirira kwa nyengo imatha kuikira lina. Chimene mtunduwu sungapirire ndi chilombo chokhala pachilumba pomwepo, chodya mazira ndi anapiye chaka ndi chaka, kapena chopha makolo.

Mbalamezi zinasankha zilumba zakutali chifukwa kunalibe nyama za miyendo inayi. Sizinaphunzire kuziopa. Zombo zitabweretsa makoswe, zinali ngati kutsekera fisi m'khola la mbuzi zomanga miyendo. Pa chilumba cha Ascension, m'nyanja ya Atlantic, asilikali a ku Britain atakhazikika mu 1815 anabweretsa amphaka kuti athane ndi makoswe. Amphakawo anaona kuti kuthamangitsa khoswe n'kutaya nthawi pamene mbalame zangokhala pansi osathawa. Mitundu yambiri inatha pachilumba chachikulu n'kukaunjikana pa kathanthwe ka m'madzi kotchedwa Boatswain Bird Island. Ntchito yochotsa amphaka olusa inayamba mu 2002, chilumbacho chinalengezedwa kuti chilibenso amphakawo mu 2006, ndipo mu 2012 frigatebird ya ku Ascension inapezekanso itaikira dzira pachilumba chachikulu patatha zaka pafupifupi 180.

Kafukufuku amene mlimi aliyense wa kuno angamumve msanga ndi wa ku zilumba za Chagos, wotsogoleredwa ndi Nick Graham, amene anatuluka mu 2018. Anayerekeza zilumba 12, zisanu ndi chimodzi za makoswe ndi zisanu ndi chimodzi zopanda makoswe. Pa zopanda makoswe mbalame zinali zochuluka kuwirikiza ka 760, ndipo nayitrojeni wogwera m'nthaka kudzera m'zitosi anali wochuluka ka 251. Mvula imakokolola manyowawo kupita m'madzi a m'mphepete, ndipo kumeneko kulemera kwa nsomba zonse pamodzi kunali kokwera ndi 48 pa 100 aliyense. Mbalame imatola chonde pa nyanja yaikulu n'kudzachitula pamalo amodzi, monga ng'ombe zodya kudambo zimatulira ndowe m'khola. Khoswe akadya dzira kumtunda, nsomba imawonda m'madzi.

Manyowa amenewa anthu anawadziwa kale mtengo wake. Feteleza wa m'thumba asanabwere, zitosi zouma za mbalame za m'nyanja, zotchedwa guano, ndi zimene zinali 23:21 ya dziko lapansi. Kuyambira cha m'ma 1840 zombo zinkanyamula guano ku zilumba za Chincha ku Peru kupita ku Ulaya, ndipo mu 1856 dziko la America linakhazikitsa lamulo lolola nzika zake kutenga chilumba chilichonse chopanda mwini chimene chili ndi guano. Bird Island nayo inapalidwa guano, kenako n'kudzalidwa kokonati, ndipo golet zinachepa kwambiri chifukwa siziswera pansi pa mitengo. Zinachulukanso pamene mitengo ina inadulidwa n'kutsegula bwalo. Mpaka pano malo oswerawo amafuna kulambulidwa nyengo isanayambe, apo ayi tchire limawatseka. Ndiye osamalira zilumba zimenezi samangoyang'ana, amagwira chikwanje.

Nthawi zina sadziwika wolakwa. Mtengo wotchedwa Pisonia ndi wachilengedwe pazilumbazi, umakula bwino ndi zitosi, ndipo noddy zimakonda kumangamo zisa. Koma njere zake zili ndi ulimbo. Mtengowo umafuna kuti njere zingapo zimatirire pa nthenga kuti zikamere pa chilumba china, koma chaka chimene wabereka kwambiri mbalame zimakutidwa thupi lonse, kulephera kuuluka, n'kufera pansi pake. Ogwira ntchito amatola zimene angathe n'kumazichotsa njere imodziimodzi ndi zala. Kaya adule mtengo wachilengedwe pofuna kupulumutsa mbalame zachilengedwe, imeneyo ndi nkhani imene amatsutsanabe. Ine ndinakulira pa ulimbo ndi legeni, ndipo sindinaganizepo kuti mtengo ukhoza kutchera wokha.

Amene akufuna kulawako zimenezi sayenera kudikira pasipoti. Pa chilumba cha Boadzulu ku Mangochi, mbali ya Lake Malawi National Park, miyala imaoneka yoyera patali chifukwa cha zitosi za mbalame zodya nsomba zimene zimasonkhana pamenepo. Ngakhale padamu la Lifupa muno mu Kasungu, kapena pa mtengo umene akakowa amagona m'mbali mwa Bua, munthu wa kope ndi pensulo akhoza kuyesa njira yomweyi: malo amodzi, ola limodzi, mwezi umodzimodzi chaka chilichonse.

Ku Bird Island, dzira la golet limatenga pafupifupi mwezi kuti liswedwe, ndipo mwana amatha miyezi ina iwiri asanauluke. Cha mu Okutobala, pamene ife tikumalizitsa mizere ndi kuthirira nazale za fodya, bwalo lija limayamba kupunguka. Phokoso limachepa usiku ndi usiku mpaka kumveka mafunde okha. Pamchenga pamatsala zikamba za mazira, nthenga, ndi mitembo youma ya anapiye ochedwa kuswedwa. Wofufuza amazula zikhomo zake, n'kulemba manambala a mphete zonse zimene waveka nyengoyo. Ana amene avala mphetezo sadzaonekanso pamenepo mpaka patadutsa zaka zinayi kapena zisanu, ndipo nthawi zambiri amene amadzawerenga nambalayo pamwendo amakhala munthu wina.